Laputopu ya ku situdiyo ikutenga mphindi 12 kuti idzuke

Bambo a Tadala (Lolemba, 7:42 m'mawa)
Mwadzuka bwanji abale nonse pagulu pano. Pepani ndalawirira ndi vuto. Laputopu imene ndimagwirira ntchito ku situdiyo kwanga kuno ku Machipisa mu Harare yandisowetsa mtendere. Ndikaiyatsa imatenga mphindi 12 kuti ndiyambe ntchito, ndachita kuwerenga pa wotchi. Sikirini imabwera msanga ndithu, koma kenako pulogalamu yokonzera zithunzi imadzitsegula yokha popanda woiitana, ndipo mpaka itamaliza zake palibe chimene mungadine. Kamuvi kamangozungulirazungulira. Zinayamba mu December mwana wa mlamu wanga atandiikira pulogalamuyo pamodzi ndi ina ya pa CD imene inabwera ndi kamera. Batire linafa kalekale, ndiye magetsi akangophethira laputopu yazima, ndiyambirenso kudikira. Loweruka anathima katatu. Sabata ino ndi ya ana a Form 1, aliyense akufuna tizithunzi tomata pa fomu, ndipo amayi awiri anatopa pa benchi n'kupita kwa mnzanga wa kuseri kwa butchala. Odziwa za makompyuta ndithandizeni.

A Mwale (7:50)
Tadzuka a Phiri. Mphindi 12? Kombi ya ku Copacabana imadzaza msanga kuposa pamenepo. Gift, Chikondi, tadzukani, amalume anu akumira kuno.

Kondwani (7:53)
Imeneyo ndi vayirasi basi. Bweretsani m'tauni tiifomate, tifufute zonse n'kuyambiranso, ola limodzi yatheka.

Gift (8:10)
Mwadzuka bwanji amalume. Chonde musafomate kaye. Mmenemo muli zithunzi za maukwati a anthu, ndipo tikafomata n'kuikanso pulogalamu yomweyo, mawa lake vuto labwerera. Zimene mwafotokozazo si vayirasi. Mapulogalamu ambiri, makamaka a zithunzi, mukamawaika amadzilembetsa okha pa mndandanda wa zinthu zoyamba pamodzi ndi Windows. Ndiye laputopu ikamadzuka onse amathamangira pa khomo limodzi nthawi imodzi.

Mundiuze kaye: ndi Windows yanji, RAM (malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ndi yochuluka bwanji, ndipo muli hadi disiki yakale kapena SSD, disiki yamakono yopanda chozungulira?

Bambo a Tadala (8:21)
Windows 10. RAM alemba kuti 4 GB. Za disikizo sindikudziwa mwana wanga, koma ndikaika khutu pansi pake ndimamva kulira ngati njenjete zikudya chimanga.

Gift (8:25)
Kkkk ndiye ndi hadi disiki yakale yozungulira ija. Imeneyo ili ndi kasingano kamodzi kowerengera, mapulogalamu khumi akaifuna nthawi imodzi kasinganoko kamangodumphadumpha, palibe amene amathandizidwa msanga.

Pangani izi. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pabwera Task Manager. Ikabwera yaing'ono dinani pamene alemba More details pansipo. Pamwamba mupeza mawu akuti Startup. Mukadina muona mndandanda, ndipo kumanja kuli danga la Startup impact, alemba High, Medium kapena Low. Microsoft imaika High pa pulogalamu imene yadya purosesa (ubongo wa kompyuta) kupitirira sekondi imodzi, kapena yagwiritsa ntchito disiki kupitirira 3 MB, pa nthawi yodzukayo. Low ndi yosafika 300 ms (masekondi 0.3) ndi 300 KB. Jambulani ndi foni mutitumizire, musazimitse chilichonse kaye.

Amene muli pa Windows 11 ndi chimodzimodzi, kungoti alemba Startup apps chakumanzere. Njira ina ndi Settings, Apps, Startup.

Mayi Nabanda (8:40)
Gift, nanga ife a Windows 7? Ya ku ofesi ya mpingo kuno ku Mufakose ndadina momwemo koma Startup palibe.

Gift (8:44)
Pa Windows 7 sanaike mu Task Manager amayi, zimenezo zinayamba ndi Windows 8. Inu dinani batani la Windows ndi R, lembani msconfig, Startup muipeza mmenemo. Koma Windows 7 inasiya kulandira ma apudeti a chitetezo pa 14 January 2020, ndiye ngati mumasungamo za zopereka musamailowetse pa intaneti mwachisawawa.

Bambo a Tadala (9:15)
Ndatumiza chithunzi. Ndawerenga zilipo 17. Dzina la pulogalamu yokonzera zithunzi ija likuoneka katatu: lokha, kenako lina lotsatana ndi Helper, lina ndi Updater. Onse atatu High. Ya kamera ija nayo High. Ndimaganiza kuti ndinalandira mlendo mmodzi, osadziwa kuti anabwera ndi banja lonse.

A Mwale (9:17)
Ngati alendo a kumudzi otsikira pa depoti ya mabasi ya Roadport. Amati ndikubwera ndekha, mukapita kukawachingamira mupeza anthu asanu ndi matumba a ufa.

Gift (9:30)
Ndaona amalume. Zinayi za High zija dinani chilichonse ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Disable. Skype nayonso izimitseni ngati simuigwiritsa ntchito. Disable sikuchotsa pulogalamu ayi, imakhalabe momwemo, mukaifuna mumaitsegula nokha ngati kale. Kungoti yasiya kudzuka nanu limodzi.

Zitatu izi musazikhudze: Windows Security notification icon, cha mawu chija cholembedwa Realtek, ndi cha pulinta yanu, chifukwa ndi chimene chimakuonetsani kuti inki yatsala pati.

Chikondi (10:05)
Mwaswera bwanji nonse, ndinali pa msonkhano. Zimene wanena Gift n'zoona koma ndi theka chabe. Ine ndimakhalira pa mapulogalamu amenewa tsiku lonse ku ntchito ku Avondale, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti Task Manager imatseka chitseko chakunja, koma pulogalamuyo ili ndi kiyi wake. Mkati mwake muli kabokosi kochonga kale konena kuti izidzuka pamodzi ndi kompyuta. Mukapanda kuchotsa chongicho, mapulogalamu ena tsiku la apudeti amadzilembetsanso pa mndandanda uja, inu n'kumadabwa kuti ndinazimitsa ine, zabwerera bwanji.

Ndiye bambo, itseguleni pulogalamuyo, mufufuze Preferences, Options kapena Settings, nthawi zambiri pansi pa General. Mawu ake amasiyanasiyana, Start with Windows, Launch at login, Run at startup, koma tanthauzo ndi limodzi. Chotsani chongi.

Ndipereke chitsanzo kwa amene muli ndi Photoshop kapena Lightroom, poti ndikudziwa kuti pagulu pano alipo. Photoshop payokha sidzuka ndi kompyuta. Chimene chimadzuka ndi Creative Cloud, pulogalamu imene imayang'anira layisensi, ma apudeti, mafonti ndi mafayilo anu a pa intaneti. Mu Preferences yake, pa General, muli Launch Creative Cloud at login. Palinso kena kotchedwa CCXProcess kamene mukaone mu Task Manager. Mukazizimitsa Photoshop imatsegukabe bwinobwino, ndipo zimene ikufuna imaziitana yokha panthawiyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kudikirako mumakulipira pamene mukufuna kukonza chithunzi, osati nthawi iliyonse imene magetsi abwera.

A Mac, pitani System Settings, General, Login Items. Pansi pake pali mndandanda wina wa zoyenda kuseri, muuonenso umenewo.

Kondwani (10:20)
Zonsezi n'kutaya nthawi. Ngati mukukana kufomata, lowani msconfig, Services, Disable all, basi. Imauluka.

Chikondi (10:22)
Achimwene ayi, zimenezo n'zoopsa.

Gift (10:23)
Amalume musatsatire zimenezo chonde.

Bambo a Tadala (Lachiwiri, 6:58 m'mawa)
Abale ndalakwa. Uthenga wa Kondwani ndinauona dzulo foni itatsala pang'ono kuzima, wa Chikondi ndi Gift woletsa uja ndauwerenga lero. Za Gift ndinapanga, zinatsika kufika mphindi 6. Ndiye ndinati ndionjezere mankhwala kuti ichire msanga, ndinadina Disable all ija. Lero yadzuka mwachangu ndithu, koma pulinta sikusindikiza, Wi-Fi kulibe, mawu kulibe. Panja pali kale ana atatu ovala yunifomu, wina bambo ake atsamira pa chitseko akundiyang'ana.

A Mwale (7:01)
Kondwani uli kuti? Bwera udzaone ntchito ya manja ako.

Gift (7:04)
Musade nkhawa amalume, palibe chimene chawonongeka, bola mwatha kulowa. Ena akapanga zimenezi ngakhale PIN yolowera imakana. Chachitika n'chakuti mwazimitsa antchito a Windows yeniyeniyo. Wosindikiza amatchedwa Print Spooler, wa Wi-Fi ndi WLAN AutoConfig, wa mawu ndi Windows Audio. Onse mwawapatsa tchuthi tsiku limodzi.

Windows ndi R, msconfig, Services, dinani Enable all, Apply, OK, kenako Restart. Ana aja auzeni apese tsitsi kaye.

Bambo a Tadala (7:26)
Yasindikiza! Mulungu akudalitse mwana iwe. Bambo uja walipira osalankhula kanthu.

Kondwani (8:02)
Pepani a Phiri, ndinaiwala kunena kuti muyambe mwachonga Hide all Microsoft services. Ine ndimachonga osaganiza n'komwe, ndiye polemba ndinadumpha.

Chikondi (8:09)
Chimene munadumphacho ndiye chinali nkhani yonse achimwene. Komanso ngakhale mutachonga, Disable all imazimitsabe za pulinta, za khadi la zithunzi pa sikirini, ndi antivayirasi ngati si ya Microsoft. Njira imeneyo akatswiri amaigwiritsa ntchito pofufuza wolakwa, kuzimitsa zonse kenako kuyatsa pang'onopang'ono mpaka vuto litaonekera. Si yosiya choncho mpaka kalekale.

Kondwani (8:11)
Ndamva achemwali. Koma ndikunenabe kuti kufomata kukanatha nkhani Lolemba.

Gift (8:30)
Ikanatha Lolemba n'kuyambanso Lachitatu. Amalume, tatsala ndi mphindi 6 zija. Zimene ananena a Chikondi za chongi cha mkati munapanga?

Bambo a Tadala (12:48)
Ndapanga masana ano. Ndinachipeza pa Options, ndachotsa. Koma pali ziwiri zikundizunguzabe. Choyamba, ndikangolowetsa memori khadi ya kamera, pulogalamu ija imatulukiranso yokha n'kuyamba kukoka zithunzi zonse za pa khadi, ngakhale ndikufuna kamodzi kokha ka mwana amene wakhala patsogolo panga. Chachiwiri, ndikaitsegula ndekha, mu Task Manager pa Disk pamafiira, 100%, kwa nthawi yaitali.

Gift (1:15 masana)
Choyambacho si Startup, ndi AutoPlay. Windows inauzidwa kuti khadi ikalowa iziitana pulogalamu imeneyo. Pitani Settings, Devices, AutoPlay. Pa Memory card sankhani Open folder to view files, kapena Take no action. Pa Windows 11 zili pansi pa Bluetooth & devices. Mukatero khadi ikalowa muzingoona foda, mutenge chithunzi chimene mukufuna.

Chachiwiricho ndikuganizabe.

Mayi Nabanda (1:40)
Gift mwana wanga, pamenepo mwina ndingathandizeko ine wa Windows 7, musandiseke. Kale tinkagwiritsa ntchito pulogalamu ya zithunzi ya Picasa, ija Google inaisiya mu 2016. Inali ndi malo otchedwa Folder Manager, pamene foda iliyonse mumaiuza kuti Scan Always, Scan Once kapena Remove from Picasa. Ine osadziwa ndinavomera kuti iziyang'ana kompyuta yonse. Ndiye ikatseguka inkayendera foda iliyonse kufunafuna zithunzi zatsopano ndi nkhope za anthu, mpaka tizithunzi ta m'makalata a mpingo. Tsiku lina ndinapeza yandisonkhanitsira nkhope ya abusa maulendo osawerengeka, kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi. Nditaiuza kuti iziyang'ana foda imodzi yokha, kompyuta inapuma. A Phiri, mwina yanuyo ikuchita zomwezo. Muli ndi zithunzi zingati mmenemo?

Bambo a Tadala (1:52)
Mayi, kuyambira 2017 sindinafufutepo kanthu. Maukwati, zinkhoswe, maliro, ubatizo, ma graduation, gule wa ku Dzivarasekwa. Anthu amabwera patapita zaka kudzafuna chithunzi cha malemu, ndiye ndimaopa kutaya. Foda ikunena kuti mafayilo 61,000 ndi kanthu.

Chikondi (2:03)
Amayi a Nabanda alasa. Ndi zimenezo basi. Mapulogalamu osunga zithunzi amapanga kaundula wawo, ndipo chithunzi chilichonse amachipangira kachithunzi kakang'ono koonetsa pa mndandanda. Kuyendera mafayilo 61,000 pa hadi disiki yozungulira, ndi RAM ya 4 GB imene Windows 10 yadya kale gawo lalikulu, ndiye kufiira mukuonako. Ndipo ndikukayikira kuti sinamalizepo n'kamodzi komwe kuyambira December, chifukwa magetsi amaidula pakati n'kuyambiranso. Helper uja ntchito yake inali imeneyi, ndi amene ankakudyerani mphindi zambiri m'mawa.

Fufuzani mu Options mawu ngati Watched folders, Monitor folders, Library kapena Catalog. Chotsanimo C: yonse (ndiyo disiki yonse) ndi Pictures yonse. Pangani foda yatsopano, muitche Ntchito ya lero, muipatse imeneyo yokha. Kuchotsa foda pa mndandanda umenewo sikufufuta zithunzi, koma werengani bwino kabokosi kamene kabwere musanadine Yes. Kakatchula mawu akuti delete from disk, dinani No n'kutifunsa.

Ndipo bambo, ndinene mosapsatira. Zithunzi za malemu a anthu zikukhala pa disiki imodzi yolira ngati njenjete, imene imazimitsidwa mwadzidzidzi katatu pa tsiku. Zimenezo zikundiopsa kuposa mphindi 12. Gulani hadi disiki yakunja mukopere zonse sabata ino.

A Mwale (2:10)
Apa ndiye mwanena mwana wanga. Chithunzi chokhacho cha malemu mayi a kunyumba ali ndi chitenje cha Mvano chili mmenemo.

Bambo a Tadala (2:14)
Chilipo a Mwale, musadandaule. Ndamva Chikondi, Loweruka ndilowa m'tauni.

Limbani (3:30)
Ndalowa mochedwa. Funso langa ndi lapambali pang'ono. Ine ndinazimitsa Updater wa pulogalamu yanga mu Task Manager kalekale, koma ndikalumikiza laputopu ku foni bandulo imatha ngati madzi a m'dengu. Chimabisala kuti?

Gift (3:52)
Malo obisalamo ndi angapo achimwene, Task Manager sionetsa onse. Ena ali mu Task Scheduler: Windows ndi R, lembani taskschd.msc, muone mu Task Scheduler Library. Ma Updater ambiri amakhala mmenemo, ena olembedwa kuti azidzuka At log on, ena ola lililonse. Ena ali mu services.msc, ndipo kumeneko ndi bwino kusintha kuchoka pa Automatic kupita pa Manual osati Disabled, kuti pulogalamu ikamufuna izitha kumudzutsa. Palinso foda imene imatseguka mukalemba shell:startup, ndi malo ena mu Registry (kaundula wa makonzedwe a Windows) otchedwa Run, koma ku Registry musapiteko ngati simunazolowere.

Chida choonetsa zonse pamodzi ndi Autoruns, chaulere, cha Sysinternals imene Microsoft inagula mu 2006. Mmenemo mumangochotsa chongi, mukalakwitsa mumabwezeretsa. Muchitenge pa webusaiti ya Microsoft yeniyeni.

Za bandulo, njira yachidule ndi kulowa Settings, Network & Internet, Wi-Fi, kudina dzina la foni yanu n'kuyatsa Set as metered connection. Windows imachepetsa zokoka zake. Si pulogalamu iliyonse imene imamvera zimenezo, koma mudzaona kusintha. Kungoti Updater mukamuzimitsa, udindo wa apudeti wagwera inu, muzikumbukira kupanga nokha mukapeza Wi-Fi yabwino.

Limbani (4:20)
Ndawapeza awiri mu Task Scheduler. Zikomo mphwanga.

Bambo a Tadala (Lachitatu, 7:35 m'mawa)
Lipoti la lero. Watched folders ndinaipeza, munalidi C: yonse. Ndachotsa, ndasiya foda imodzi. AutoPlay ndasintha. Dzulo madzulo ndinazimitsa bwinobwino n'kuyatsanso, masekondi 50 okha! Koma m'mawa uno magetsi atathima n'kubwera yatenga mphindi 2 ndi theka. Ndalakwitsanso pena?

Gift (7:48)
Simunalakwitse amalume. Windows 10 ili ndi chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukadina Shut down simazimiratu, imasunga mbali ina ya zimene zinali mu RAM pa disiki, ndiye podzuka imangotola pamene inasiyira. Magetsi akaidula mwadzidzidzi sipeza mpata wosunga, imayambira pachiyambi penipeni, mwinanso kuyamba yaona ngati disiki sinavulale. Restart nayonso imayambira pachiyambi. Ndiye nambala yanu yoona ndi mphindi 2 ndi theka imeneyo, ndipo pa hadi disiki yakale ndi 4 GB pamenepo ndi pabwino ndithu.

Mukafuna kutsika kuposa apo ndi za ndalama tsopano. SSD ya SATA ya 2.5 inchi imalowa pamalo pomwe pali disiki yakaleyo, ndipo imeneyo ilibe kasingano kodumphadumpha. Yakaleyo timaiika m'kabokosi ka USB. Koma ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi batire. Likakhala lamoyo magetsi akathima laputopu sizima n'komwe, nkhani yodikira kudzuka yatheratu, disiki nayo yatetezeka.

Kondwani (7:55)
Mabatire ndi ma SSD ndili nawo pa shopu pafupi ndi Gulf Complex. Ndikuchotserani kenakake pa mtengo chifukwa cha Print Spooler uja.

Chikondi (8:01)
Kkkk chindapusa chimenecho. Koma bambo musanawononge ndalama zambiri pa laputopu imeneyo, dziwani kuti Microsoft inaika 14 October 2025 ngati tsiku lothera chithandizo cha Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo. Gift aione kaye ngati ingakwere. Batire ndi disiki yakunja gulani ndithu, zinazo muyambe mwawerengera.

China, pa tizithunzi ta pa fomu simufunika pulogalamu yolemera. Kudula, kuwalitsa pang'ono ndi kuika tinayi kapena tisanu n'katatu pa pepala limodzi, IrfanView kapena Paint.NET zimakwanitsa mbali yaikulu ndipo zimatseguka m'kuphethira kwa diso. GIMP nayo ndi yaulere ndipo sidzilembetsa pa Startup. Yaikuluyo muziisungira maukwati. Kungoti IrfanView ndi yaulere pa ntchito za pakhomo, ya bizinesi amafuna mugule layisensi.

Bambo a Tadala (8:20)
Zikomo nonse, Gift, Chikondi, Mayi Nabanda, ngakhale iwe Kondwani. Loweruka ndikwera kombi yoyamba, ndibwera nayo laputopu Gift aione, kenako tipite limodzi kwa Kondwani kuti asandipusitse pa batire. Disiki yakunja ndigula tsiku lomwelo. Mwana wa mlamu wanga ndamuuza kuti akadzafuna kuikanso chinthu aziwerenga kabokosi kalikonse asanadine Next.

Mayi Nabanda (8:26)
Gift ukachoka kumeneko udzadutse ku Mufakose, msconfig ija ndatsegula koma ndaopa kudina.

Gift (8:28)
Musadine amayi, makamaka pa Services. Ndibwera Lamulungu tikaweruka.

A Mwale (8:31)
A Phiri, poti makina achira, mawa ndibwera ndi jekete langa lakuda. Ndikufuna tiwiri ta pa fomu, ndi cha mayi a kunyumba chija mundisindikizire chachikulu.

Bambo a Tadala (8:33)
Bwerani a Mwale, cha m'ma 9. Cha amayi ndachipeza kale, chili mu foda ya 2018.